Mfuti, chikhalidwe kapena khungu: n'chiyani chikuphetsa anthu ku America?

Nachisale: Abale, nkhani ya kuphana ku America ikangoyambika anthu amagawikana patatu. Ena akuti vuto ndi mfuti basi. Ena akuti ayi, ndi chikhalidwe. Enanso amafika ponena kuti ndi mtundu wa anthu, akuti mutachotsa anthu akuda pa chiwerengero dzikolo lingafanane ndi maiko a ku Ulaya. Inu amene mumadziwa manambala ake tatiunikireni, koma zamphekesera ayi.

Jere wa Ziwerengero: Mayi, tiyambe tagwirizana muyeso, apo ayi tingotopetsana. Kuphana amakuyeza pa anthu 100,000 alionse pa chaka, chifukwa maiko amasiyana kukula. Ku America muyesowu unali cha pa 10 mu 1980 ndiponso mu 1991, unatsika kufika cha pa 4.5 mu 2014, kenako mu 2020 unalumpha ndi pafupifupi 30 peresenti m'chaka chimodzi chokha. Canada imakhala cha pa 2, England ndi Wales cha pa 1, Japan sifika n'komwe pa theka la 1.

Manambala a ku America amachokera kuwiri. A FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, amasonkhanitsa malipoti a apolisi, ndipo a CDC, bungwe la boma la zaumoyo, amawerenga ziphaso za imfa. Pa za anthu ophedwa dalirani a CDC, pakuti mtembo subisika. Pa za amene anapha, a FBI ndiwo ali ndi kaundula, koma kaundulayo ndi wobooka: milandu yambiri wakupha sadziwika, ndipo mu 2021 atasintha kasonkhanitsidwe, apolisi a mizinda ikuluikulu monga New York ndi Los Angeles sanatumize manambala awo. Wina akakuonetsani tchati cha FBI cha 2021, muyambe mwamufunsa zimenezi.

Chinanso chimene anthu amasakaniza: mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti, koma 26,328 mwa iwo anadzipha okha, ndipo 20,958 ndiwo anaphedwa ndi anzawo. Amene akufuna kuopseza amatchula nambala yaikuluyo ngati kuti yonse ndi kuphana.

Mkandawire: Zikomo a Jere. Ine ndili kumbali ya chikhalidwe, ndipo chifukwa chake nachi. Vermont, Maine ndi New Hampshire ndi zigawo za America zimene mabanja ambiri ali ndi mfuti, malamulo ake a mfuti ndi ofewa, koma kuphana n'kochepa kuposa zigawo zambiri. Switzerland ili ndi mfuti pafupifupi 28 pa anthu 100 alionse, Finland 32, koma kuphana ku Switzerland kumakhala cha pa 0.5. Tsono onani Mexico: kwa zaka zambiri dziko lonse linali ndi sitolo imodzi yokha yololedwa kugulitsa mfuti, yoyendetsedwa ndi asilikali, koma kuphana kumapitirira 20. Mfuti ikanakhala kuti ndiyo muzu, ndondomekoyi ikanatembenuzika.

Jere wa Ziwerengero: A Mkandawire, za Vermont mwalasa, koma zina ziwirizo zili ndi mchira. Ku Switzerland umayenera kutenga chilolezo pogula mitundu yambiri ya mfuti, chilolezo choyenda nayo mumsewu chimaperekedwa kwa anthu ochepa kwambiri, ndipo kuyambira 2007 asilikali sasunganso kunyumba zipolopolo za boma. Mfuti ya mlenje yotsekeredwa m'kabati ndi pisitolo ya m'chiuno pa malo omwera mowa, pa kaundula zonse zimalembedwa kuti mfuti imodzi, koma si chinthu chimodzi. Mexico nayo: mwa mfuti zolandidwa kwa zigawenga zimene anazilondola komwe zinachokera, pafupifupi 70 peresenti zinali zochokera ku America. Sitolo imodzi ija si kumene zigawenga zimagula.

Nangozo: Ndiwonjezere pa kagwiridwe ka mfuti, chifukwa apa m'pamene mkangano umasochera. Mfuti siyambitsa ndewu, imasintha mathero a ndewu. Franklin Zimring anafufuza milandu ya ku Chicago mu 1968 n'kupeza kuti munthu wowomberedwa amafa kasanu kuposa wobayidwa ndi mpeni, ngakhale kuti mikangano yoyambitsa inali yofanana: mowa, nsanje, ngongole, kunyozana. Mpeni umafuna uyandikire, ulimbane ndi munthu amene akudziteteza, ndipo nthawi zambiri bala limodzi silipha msanga moti munthu amafika kuchipatala. Mfuti imafika patali, imagwira ngakhale wofooka, ndipo chipolopolo chikaboola mtsempha waukulu magazi amatha m'mphindi zochepa. Ku Boston anapezanso kuti mwa anthu owomberedwa, olasidwa ndi zipolopolo zazikulu ankafa kuposa kanayi poyerekeza ndi olasidwa ndi zazing'ono, pomwe cholinga cha wowombera sichisintha ndi kukula kwa chipolopolo.

N'chifukwa chake pa kuba, kuthyola nyumba ndi kumenyana, America siisiyana kwambiri ndi maiko ena olemera. Imasiyana pa imfa. Bungwe la Small Arms Survey linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba kumeneko anali ndi mfuti 393 miliyoni, kutanthauza 120 pa anthu 100 alionse, ndipo mu 2021 anthu 8 mwa 10 ophedwa anaphedwa ndi mfuti.

Mkandawire: Achemwali, ndiye chotsani mfutizo muone chotsala. Mu 2021 ophedwa popanda mfuti anali pafupifupi 5,000, ndiye kuti 1.5 pa 100,000. Mipeni, zibakera ndi zibonga zokha za ku America zikuposa kuphana konse kwa ku England. Pamenepo mfuti palibe. Chilipo china.

Nangozo: Pamenepo sinditsutsa. Chilipo chinadi. Chimene ndikukana n'chakuti chinacho chikufafaniza mfuti. Dziko la anthu okonda ndewu likakhalanso ndi mfuti m'matumba, ziwirizi zimachulukitsana, siziwonjezerana chabe.

Chisale wa ku Thyolo: Koma abale, tikuizungulira njovu ili pabwalo. Anthu akuda ndi 13 peresenti ya dzikolo koma theka la ophedwa ndi iwowo, ndipo ambiri amaphedwa ndi akuda anzawo. Azungu amene amatchula zimenezi timawatcha atsankho, koma kodi nambalayo ndi yabodza?

Gama: Bambo, nambalayo ndi yoona ndipo sitipindula kanthu kuibisa. Kwa anyamata akuda a zaka 15 mpaka 34, kuphedwa ndiko kumatenga miyoyo yambiri kuposa matenda kapena ngozi. Funso ndi lakuti nambalayo ikutiuza chiyani.

Choyamba, zakuti akuda amaphana okhaokha si zachilendo. Pa milandu imene wakupha anadziwika, azungu 8 mwa 10 amaphedwa ndi azungu, akuda pafupifupi 9 mwa 10 amaphedwa ndi akuda. Munthu amaphedwa ndi amene amakhala naye pafupi, ndipo ku America anthu amakhala motsatira khungu.

Chachiwiri, chinthu cha m'magazi sichisintha m'zaka 30. Ku New York anaphedwa anthu 2,245 mu 1990, koma mu 2017 anali 292, mzinda womwewo, akuda akadali mbali yaikulu ya anthu ake. Bwererani m'mbuyo: katswiri wa mbiri Randolph Roth anasonyeza kuti kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 akuda a ku America ankapha mochepa kuposa azungu. M'mizinda ya kumpoto nthawi imeneyo mbiri ya chiwawa inali pa a ku Ireland, kenako a ku Italy, ndipo ankanenedwa mawu omwewa akuti ndi chibadwa chawo. Ku Ulaya komwe, Manuel Eisner anawerenga zolembedwa za makhoti akale n'kupeza kuti m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 kuphana kunali pakati pa 20 ndi 40 pa 100,000, ndipo lero kuli cha pa 1. Azunguwo khungu sanasinthe. Chinasintha ndi boma, makhoti ndi njira yothetsera mikangano.

Chachitatu, zakuti mukachotsa akuda America ifanana ndi Ulaya si zoona. Azungu okhaokha a kumeneko amaphedwa pafupifupi 3 pa 100,000, pomwe maiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya ali pa 1 kapena kutsika. Komanso masamu amenewo ndi okondera. Mukachotsa madera osaukitsitsa a America, muchotsenso a mizinda ya ku Ulaya monga Glasgow ndi Marseille musanayerekeze.

Chisale wa ku Thyolo: Ndamva a Gama, koma umphawi wokha sukwana. Azungu osauka ku America ndi ambiri kuposa akuda osauka tikawerenga mitu. Bwanji iwo saphana mofanana?

Gama: Funso labwino, ndipo yankho lake lili pa kusiyana kwa munthu wosauka ndi dera losauka. Mzungu wosauka nthawi zambiri amakhala pakati pa anthu opezako bwino: woyandikana naye ali pa ntchito, sukulu ndi yosakanikirana, basi imafika. Wakuda wosauka kawirikawiri amakhala m'dera limene aliyense ndi wosauka, ntchito zinachoka mafakitale atatsekedwa, ndipo amuna ambiri ali kundende kapena angotulukako. Robert Sampson ndi William Julius Wilson analemba mu 1995 kuti mwa mizinda ikuluikulu ya dzikolo panalibe ndi umodzi womwe pomwe akuda ndi azungu ankakhala m'madera ofanana pa chuma ndi mabanja.

Izi sizinangochitika. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma linajambula mamapu a mizinda n'kupaka zofiira madera a akuda, kusonyeza kuti ngongole za nyumba kumeneko n'zoopsa. Mabanki anatsatira mapuwo, ndipo tsankho pa nyumba linaletsedwa mu 1968 basi. Banja lopanda nyumba yakeyake silisiyira ana chuma.

Ofufuza akapeza madera ofanana, kusiyana kuja kumafota. Lauren Krivo ndi Ruth Peterson anachita zimenezi ku Columbus, Ohio, mu 1996, n'kupeza kuti madera osaukitsitsa a azungu ndi a akuda anali ndi chiwawa choyandikana. Sampson ndi anzake mu 2005 ku Chicago anapeza kuti kuposa theka la kusiyana kwa achinyamata akuda ndi azungu kunkafotokozeka ndi zinthu ngati dera ndi banja. Sikuti kusiyana konse kunatha, ndipo pa chotsalacho akatswiri akukanganabe, koma mbali yaikulu inapita ndi malo.

Nabanda ku Joni: Tengani South Africa, pakuti abale athu ambiri ali kuno ndipo nkhaniyi si yakutali. M'chaka cha 2022/23 apolisi analemba anthu 27,494 ophedwa, cha pa 45 pa 100,000, pomwe mfuti za anthu wamba ndi pafupifupi 10 pa anthu 100. Wongoyang'ana pamwamba anganene kuti mfuti si nkhani. Koma tsatirani zaka. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 muyeso unali kupitirira 60. Lamulo la mfuti la 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004, linabweretsa mayeso oona ngati munthu ali woyenera, zaka zobadwa zosachepera 21, malire a mfuti zimene munthu angakhale nazo, ndi laisensi yotha nthawi. Pofika 2011 muyeso unali cha pa 30, ndipo imfa za mfuti ndizo zinatsika mofulumira kuposa zina. Kenako zinthu zinabwerera m'mbuyo. Mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anagulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa, zambiri zinakathera kwa magulu a zigawenga ku Cape Flats mumzinda wa Cape Town, ndipo mu 2016 anamulamula kukhala kundende zaka 18. Lamulo linali lomwelo papepala, koma mosungira mfuti munabooka.

Pa za khungu, ingoyerekezani dziko lino ndi Ghana, Senegal kapena Malawi. Onse ndi anthu akuda, koma manambala a maiko amenewa amakhala cha pa 2 kapena kutsika. Ndikuvomera kuti kalembera wa imfa kwathu ndi wofooka ndipo imfa zina za kumudzi sizifika kupolisi, koma ngakhale mutachulukitsa katatu simungayandikire 45. Ndipo kuno komwe kuphana kwaunjikana m'malo ochepa monga Nyanga, Delft, Inanda ndi Umlazi, malo amene anthu anatayidwako ndi malamulo a tsankho.

Mkandawire: Ndiye mwandibwezera ku chikhalidwe, kungoti tifotokoze bwino liwulo. Sindikunena za nyimbo kapena kavalidwe. Ndikunena lamulo losalembedwa lakuti ukanyozedwa uyenera kubwezera wekha. Richard Nisbett ndi Dov Cohen anafufuza zimenezi pa azungu a kumwera kwa America. Anapeza kuti m'matauni ang'onoang'ono a kumwera azungu amaphana kwambiri kuposa a kumpoto, koma pa milandu ya mikangano ndi kunyozana, osati pa umbava. Ku yunivesite ya Michigan anakonza kuti wophunzira agundidwe phewa m'kanjira ka m'nyumba n'kutukwanidwa. A kumpoto ambiri ankangoseka, a kumwera magazi ankawira, ndipo poyeza malovu anapeza kuti timadzi ta m'thupi ta ukali ndi nkhawa takwera. Iwo anati muzu wake ndi abusa a ziweto ochokera ku Scotland ndi Ireland: chuma choyenda ndi miyendo chimabedwa usiku umodzi, boma lili kutali, ndiye chitetezo chako ndi mbiri yakuti suputidwa. Za abusazo akatswiri ena amazikayika, koma zakuti kumwera kuli patsogolo n'zosakanika. Louisiana ndi Mississippi ndizo zimatsogola chaka ndi chaka.

Nangozo: Apa ndiye tayandikana a Mkandawire, chifukwa chikhalidwe chimenecho chili ndi chakudya chake, ndipo chakudyacho ndi milandu yosagwidwa. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 apolisi a ku America ankatseka milandu 9 mwa 10 ya kupha. M'zaka za 2020 mpaka 2022 inali itatsika kufika pafupifupi theka. Nyuzipepala ya Washington Post itafufuza mizinda yoposa 50 mu 2018 inapeza kuti wophedwa akakhala mzungu munthu ankamangidwa pa milandu 63 mwa 100, akakhala wakuda 47 yokha. Owombera amene sanaphe ndiye amagwidwa mochepa kuposa pamenepo.

Onani mmene zimazungulirira. Mnyamata waphedwa, dera lonse likudziwa amene wachita. Mboni ikuopa kulankhula chifukwa wakuphayo akuyenda mumsewu womwewo ndipo apolisi sangaiteteze. Mlandu ukuzizira. Mchimwene wa malemu akuona kuti khoti kulibe, akugula pisitolo. Amene akusakidwayo naye akuyenda ndi yake. Pamenepo ngakhale mwana wofatsa amayamba kunyamula, poopa osati pofuna. Ndipo dera lomwelo apolisi amaimitsa anthu tsiku ndi tsiku pa tizifukwa ting'onoting'ono, ndiye chikhulupiriro chimatheratu. Amavutitsidwa pa zazing'ono, amasiyidwa pa zazikulu.

Jere wa Ziwerengero: Ndiponso mawu akuti "akuda" kapena "dera la akuda" ndi dengu lalikulu kwambiri. Andrew Papachristos analondola maubwenzi a anthu omangidwira limodzi ku Chicago n'kupeza kuti 70 peresenti ya owomberedwa anali m'timagulu ta anthu osakwana 6 peresenti ya mzindawo. Ku Boston, kuyambira 1980 mpaka 2008, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuwomberana ankachitika pa 5 peresenti yokha ya misewu ndi mphambano. Anthu ambiri a m'madera omwewo sanagwirepo mfuti. Ukayeza ndi khungu ukuloza anthu oposa 40 miliyoni, pomwe vuto lili pa anthu mazana angapo mumzinda uliwonse.

Nachisale: Ndiye chimene chinagwirapo ntchito n'chiyani? Paja timangomva za kuletsa mfuti zazikulu zija za asilikali.

Jere wa Ziwerengero: Mfuti zazitali za mitundu yonse zimapha ochepa, cha pa 3 kapena 4 peresenti ya milandu ya mfuti. Zimamveka chifukwa cha kuwombera kwa m'masukulu, koma wakupha wa tsiku ndi tsiku ndi pisitolo. Kulanda mfuti ngati mmene inachitira Australia, imene inagula n'kuphwanya pafupifupi 650,000 anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu 1996, ku America n'kosatheka, pakuti khoti lalikulu linagamula mu 2008 kuti kukhala ndi mfuti kunyumba ndi ufulu wa munthu, ndipo mu 2022 linawonjezera kuyenda nayo kunja.

Chimene chili ndi umboni wabwinoko ndi chilolezo chogulira pisitolo, chimene umakachitenga pamaso pa apolisi n'kufufuzidwa mbiri. Chigawo cha Connecticut chinachikhazikitsa mu 1995 ndipo kuphana ndi mfuti kunatsika, cha Missouri chinachichotsa mu 2007 ndipo kunakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Chilolezocho chimaopseza amene amagulira anzawo. Munthu wa mlandu sapita kusitolo yekha, amatuma chibwenzi kapena msuweni wopanda mbiri yoipa, kapena amagula kwa munthu wamba, kumene lamulo la dziko lonse silikakamiza kufufuza. Zina zimabedwa m'galimoto zoimikidwa. Chofooka chake ndi malire: ku Chicago mfuti 6 mwa 10 zopezeka pa milandu zinagulidwa kunja kwa Illinois, chigawo chimene muli mzindawo, ndipo gwero lalikulu ndi chigawo choyandikana cha Indiana, ulendo wosakwana ola limodzi.

Gama: Ina ndi njira ya ku Boston ya 1996, Operation Ceasefire, imene inatsitsa kuphedwa kwa achinyamata ndi 63 peresenti. Kachitidwe kake: apolisi a m'misewu ndi anthu ogwira ntchito ndi achinyamata amakhala pansi n'kulemba magulu onse, ndani akudana ndi ndani. Kenako amaitana anyamata angapo a gulu lililonse m'chipinda chimodzi, momwe muli apolisi, oimira boma pa milandu, abusa ndi amayi amene anaika ana awo m'manda. Amawauza poyera kuti gulu limene liphe munthu wotsatira, onse a m'gululo afufuzidwa pa mlandu uliwonse umene ali nawo, ndipo amene akufuna kutuluka nayi nambala ya thandizo la ntchito, sukulu kapena kusamuka. Imafa pawiri: apolisi akalephera kuchita zimene anaopseza, kapena ntchito zolonjezedwa zikapezeka kuti kulibe. Ku Boston komweko atailekerera cha m'ma 2000 kuphana kunakweranso.

Ku Philadelphia anayesa chinthu chooneka chopepuka: kuchotsa zinyalala pa malo opanda nyumba, kudzala kapinga ndi mitengo, n'kuika kampanda kakafupi. Malowo anawasankha mwa maere kuti ayerekeze bwino, ndipo m'madera osaukitsitsa kuwomberana kunatsika ndi 29 peresenti. Tchire la pakati pa nyumba ndi mobisira mfuti.

Chisale wa ku Thyolo: Za kapingazo ndiye zandidabwitsa. Komabe ine ndikuona kuti nkhani ya mabanja opanda abambo mwaidutsa mothamanga.

Gama: Ilipodi, ndipo pa kafukufuku wa ku Chicago uja ukwati wa makolo unali chimodzi mwa zinthu zolemera. Kungoti Sampson yemweyo anasonyeza kale mu 1987 kuti mabanja amasweka kwambiri kumene amuna alibe ntchito, ndiye muyenera kufunsa chimene chinayamba.

Nabanda ku Joni: Musanabalalike, amayi mwawaiwala. Zonse mwanenazi ndi za anyamata mumsewu, koma mkazi amaphedwa kwambiri m'nyumba, ndi mwamuna wake kapena amene anasiyana naye, ndipo izi zili m'mitundu yonse. Jacquelyn Campbell anafufuza m'mizinda 11 ya ku America mu 2003 n'kupeza kuti mwamuna wankhanza akakhala ndi mfuti, chiopsezo chakuti mkaziyo aphedwa chimakwera kasanu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mkazi akuchoka. Lamulo lilipo: kuyambira 1996 wopezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja saloledwa kukhala ndi mfuti, ndipo mu 2024 khoti lalikulu linavomereza kuti amene khoti lamuletsa kuyandikira mkazi alandidwenso ufuluwo. Chimene chimalephereka ndi kutenga mfutiyo. M'zigawo zambiri woweruza amangomuuza kuti akapereke, palibe kaundula wosonyeza kuti ali nazo zingati, ndipo palibe wapolisi amene amapita kunyumbako kukaziwerenga.